Mlatho wa Wometa Ukutsika

LOLEMBA

M'mawa. Kope latsopano, bolopeni yatsopano, malaya ositidwa. Lero ndine mphunzitsi!

Ndilembe bwinobwino kuti ndidzakumbukire. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikuyendetsa malole a depoti yathu ya ku Workington, kuno ku Harare, osakanda ngakhale galasi. Miyezi inayi yapitayo ndinalowa pansi pa mlatho wa njanji wa kumunsi kwathu kuno ku Kuwadzana nditasenza mawadiropu, n'kutulukira mbali inayo nditasenza nkhuni. Madalaivala amautcha mlathowu Wometa, chifukwa umameta malole. Ine unandimeta mpala. Bwana Mlambo, manijala wathu, anandilanda makiyi n'kundipatsa paipi yotsukira magalimoto. Tsopano pa depoti amanditcha Sekuru Paipi, kutanthauza Agogo Paipi. Ndimaseka nawo, koma zimandiwawa kwambiri.

Chichokereni ine, Wometa wametanso malole athu awiri. Ndiye Lachisanu lapitali bwana anati: "Mudhara, inu mlathowu mukuudziwa, munapsompsonana nawo. Phunzitsani anzanu sabata imodzi. Pakapanda lole yogunda mpaka Loweruka, makiyi anu ndikubwezerani."

Makiyi anga! Ndawalota kale kawiri.

Zida:
nsungwi imodzi yowongoka, ndaiyeza ndi tepi katatu, mamita 4.2 ndendende, monga chikwangwani cha pamlatho chimanenera;
choko;
majombo, chifukwa pansi pa mlatho pamakhala chithaphwi dzinja lonse;
phunziro limodzi lokha: yeza katundu wako, werenga chikwangwani, chotsera. Basi!

Akazi anga, amake Joyi, akunena zinazake za wilibala ine ndikumanga tayi. Mutu wanga uli pa phunziro. "Chitani mmene mwaonera," ndatero. Iwowa amagulitsa tomato ndi chimanga chootcha pafupi ndi mlathowo pamodzi ndi amayi ena asanu, ndipo tsiku londimeta lija anaonerera zonse chimanga chili m'manja. Kuyambira pamenepo mlatho sutchulidwa m'nyumba muno. Timangoti "kumunsi kuja".

Nsungwi ndimaisunga kuseri, pafupi ndi mulu wa njerwa zoswekasweka za kachipinda kathu kamene kanagwa ndi mvula chaka chatha. Muluwo umandifika pachifuwa. Penapake m'kati mwake muli sitepe ya pakhomo imene mdzukulu wanga Lute anadindapo dzanja simenti ili yaiwisi, ali ndi zaka zitatu. Lute ali ku Joni ndi amake, ndipo papita zaka zinayi osamuona. Sitepeyo ndidzaifukula ndikadzapeza mpata.

Hafu faifi, pamlatho. Amayi a tomato sanafike. Nkhungu. Pansi pake pali zii, ndiponso kukuzizira ngati m'firiji ya kubutchala. Madzi akundifika pakati pa msongolo. Ndikuimika nsungwi pakati pa msewu, kenaka ndikuikweza mpaka igunde chitsulo cha pamwamba. Yakwera zala zinayi. Chikwangwani sichinama, chinasiyanso kampata. Pachitsulopo pali mizere ya penti ya malole onse amene anametedwa, yofiira, yoyera, yabuluu. Wanga ndikuudziwa.

Masana, ku depoti. Ophunzira asanu ndi atatu pa mabenchi a m'shedi. Asanu sakudziwa kutalika kwa malole awo. Gumbo, dalaivala wa pakamwa pamakina, akuti m'chinenero cha kuno: "Ini ndinongotarisa, mudhara, ndimangoyang'ana. Diso langa ndiye tepi." Diso lomwelo ndi limene linameta lole yachiwiri.

Mmodzi yekha ndiye akulemba. Eneresi, mayi wa ana awiri, dalaivala wamkazi yekhayo pa depoti. Agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye Chichewa amachidziwa cha theka. Wagula tepi yakeyake. Wandifunsa mafunso atatu, onse anzeru. Galu wamkota sakandira pachabe, sabata ino iyenda bwino.

LACHIWIRI

Hafu faifi. Ndabweranso kudzayeza, kungofuna kudzisangalatsa.

Zala ziwiri.

Ndayezanso. Ziwiri. Ndasuntha pang'ono, ndayezanso. Ziwiri! Ndathamangira kunyumba kukaika tepi pa nsungwi, poganiza kuti mwina yatalika ndi chinyezi. Ayi, 4.2 yomweyo. Nsungwi yodulidwa sikula.

Chinanso. Mvula yagwa mpaka m'bandakucha, ngalande zonse zadzaza, koma chithaphwi cha pansi pa mlatho chachepa. Dzulo pakati pa msongolo, lero chongopitirira pa kakolo. Madziwo akupita kuti? Ndaima pamenepo ndekha, dontho likugwa kuchokera pachitsulo, tho, tho, tho, pakhosi panga penipeni. Ndasuntha. Dontho nalo ngati lasuntha.

Ndine mkulu wa mpingo. Sindikhulupirira zinthu zimenezi. Ndangofulumira chifukwa kombi, minibasi ya kuno, imandisiya.

Masana. Ndalakwitsa. Pofuna kuwaonetsa ubwino woyeza, ndawauza kuti dzulo ndinapeza zala zinayi, lero ziwiri. Ndimafuna amve kuti munthu uyenera kuyeza tsiku ndi tsiku. Gumbo wavula chipewa.

"Mudhara, mukuti bhiriji riri kudzika?"

Ndati sindinanene kuti ukutsika, ndangonena zimene nsungwi yaonetsa. Mochedwa! Vuto ndi lakuti ine ndine Mchewa. Kuno ku Harare Mchewa wa imvi akanena za masamu palibe amamva, koma akangonena chinthu chododometsa, aliyense amakhulupirira nthawi yomweyo. Amati ndife anthu a zilombo ndi mankhwala. Ine bambo anga anachoka ku Chipata ndi Baibulo ndi njinga basi, ndipo kudambwe sindinapondeko. Ndani akumva zimenezo?

Gumbo akuti agogo ake ankanena kuti pomanga njanjiyo, munthu mmodzi wa kwathu anagwera m'simenti ya chipilala, azungu n'kungothirapo ina pamwamba. Dzulo agogo amenewa analibe nkhani imeneyi.

Phunziro la lero linali la kamangidwe ka katundu wamtali. Sitinafikeko. Mafunso amene ndafunsidwa:
kodi munthuyo dzina lake anali ndani;
kodi amakonda fodya wamphuno kapena woyaka;
kodi hutala iziimbidwa kangati polowa.

Eneresi yekha wafunsa ngati ndinaimika nsungwi pamalo omwewo. Ndinaimika.

Madzulo. Popita kuchimbudzi ndaona ngati mulu wa kuseri wafupika. Kapena ndi maso anga. Zinthu zonse zikundionekera zotsika lero.

LACHITATU

Hafu faifi. Nsungwi yagunda. Palibe chala ngakhale chimodzi. Yaima yokha pakati pa msewu ndi mlatho ngati mzati, ine nditaisiya, manja ali m'thumba. Madzi afika pa kakolo. Ndamva kugunda kwapansipansi m'zitsulo, ndadikira kuti sitima idutse. Sinadutse.

Ndapemphera mwachidule. Nsungwi yavuta kuzula.

Masana. Ophunzira makumi awiri ndi atatu! Athu asanu ndi atatu, ena a madepoti oyandikana nawo, madalaivala awiri a makombi, ndi mayi wophika tiyi. Bwenzi ndikunyada. Koma palibe wabwera ndi tepi. Patebulo langa ndapezapo:
kabotolo ka fodya wamphuno;
mazira awiri;
nsalu yakuda yopindidwa bwino;
tambala wamoyo, womangidwa miyendo, pansi pa tebulo.

Ndalemba pa bolodi 4.2 kuchotsera 3.9. Tambala walira. Anthu atatu atuluka chothamanga.

Wina wa depoti ina wandikokera pambali. "Achimwene, tipeiwo kamushonga kekusungirira pasiteringi." Akufuna kamankhwala komangirira pa chiwongolero. Ndamuuza kuti mankhwala ake ndi tepi. Wagwedeza mutu ngati wamva chinsinsi chachikulu. Mawa ndithu amangirira tepi pa chiwongolero.

Madalaivala athu asanu akana kudutsa pa Wometa. Akuzungulira njira yaitali ya matope, ya kuseri kwa minda ya chimanga, yowonjezera ola lathunthu. Malole akubwera mochedwa, akuda bii. Wotsuka ndine ndemwe, ndikamaliza kuphunzitsa.

Folo koloko, mu ofesi. Bwana Mlambo sanandipatse mpando. Ndi mwana wa msinkhu wa Joyi wanga, koma ndaima chipewa chili m'manja.

"Mudhara, ndinakutumani kuti muphunzitse masamu, inu mwatsegula kachisi. Mlatho sutsika. Mwamva? Bhiriji haridzike! Dizilo akutha, makasitomala akuimba foni."

Ndawapempha kuti mawa abwere adzaone okha. Ayang'ana nsapato zawo zoyera, ayang'ana majombo anga. Akuti chikwangwani chinaikidwa ndi mainjiniya a madigiri, osati ndi nsungwi. Mawa ndiuze kalasi kuti ndinayeza molakwa, apo ayi paipi mpaka penshoni.

Madzulo. Mulu wafika m'chiuno. Si maso ayi. Wakuba njerwa zoswekasweka ndi wakuba wamtundu wanji? Mageti awiri, ndipo galu wathu Bingo sanauwe. Ndimafuna kuwafunsa amake Joyi, koma ndawapeza atagona chafufumimba pa mkeka, akuti msana. Ndawathira mafuta otentha aja. Akuti malonda akuyenda bwino sabata ino, matope achepa kumunsi kuja. Atangoti kumunsi kuja, ndasintha nkhani. Tambala tamudya.

LACHINAYI

Hafu faifi. Nsungwi yakana kuima. Ndaipendeketsa, ndiye yalowa. Mwa kuyerekeza kwanga mlatho wadutsa pa 4.2 ndi zala zitatu.

Ndiyeno ndaona chinthu chimene sindikufuna kulemba, koma ndilemba. M'matope a m'mbali mwa msewu muli mkwasa wa tayala limodzi. Limodzi lokha! Ukuchokera chakumtunda, ukutsetsereka, ukulowa m'madzi a pansi pa mlatho, ndipo mbali inayo sukutuluka. Njinga ili ndi matayala awiri. Galimoto anayi. Lole yanga inali ndi khumi. Zaka zonsezi pamsewu, sindinakumanepo ndi galimoto ya tayala limodzi. Pambali pake mapazi opanda nsapato, aang'ono, ambirimbiri.

Tsitsi langa, lochepa lomweli, laima. Ndabwerera osacheuka, nsungwi ikukwekwereza pansi. Ndikafika kumwamba ndidzafunsa chifukwa chake zinthu zotere zimaonekera akulu a mpingo, osati zidakwa.

Masana. Ndaima kutsogolo kwa kalasi. Bwana aima pakhomo, manja apinda pachifuwa. Ndanena izi: ndinayeza molakwa, nsungwi inapindika, maso anga ndi okalamba, mlatho uli pamalo pake, khulupirirani chikwangwani. Mawu amatuluka ngati ndikutafuna mchenga. Bwana agwedeza mutu, apita.

Gumbo wanong'oneza mokweza kuti shedi yonse imve: "Vamutyisidzira. Zvatoipa manje." Akuti andiopseza, ndiye kuti zinthu zafika poipa. Chotsatira chake, amene akukana kudutsa pa Wometa tsopano ndi asanu ndi awiri. Nditanena zoona anachita mantha, ndanama achita mantha koposa. Mphunzitsi wamtundu wanji ine?

Eneresi wafufuta mzere umodzi m'kope mwake, wandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinakakamira kupukuta bolodi loyera kale.

Malole asanu ndi awiri a matope. Ndatsuka mpaka dzuwa kulowa, tayi ili pakhosi.

Madzulo. Mulu wafika m'mawondo. Ndikuyamba kuona kuti zinthuzi zikuyendera limodzi: mlatho ukatsika, mulu wanga umatsika. Chimene chikudya kumunsi kuja chadziwa pakhomo panga. Chinandilawa miyezi inayi yapitayo, chandikonda. Ndawaza mchere pang'ono kuseri, amake Joyi asakuona. Mulungu andikhululukire, mchere wake unali wochepa.

LACHISANU

Hafu faifi. Ndadzuka, ndavala majombo, ndagwira nsungwi, ndafika pa geti. Ndabwerera. Chimene sindinayeze sindikuchidziwa, ndipo chimene sindikuchidziwa palibe angandifunse. Mphunzitsi wa kuyeza wathawa kuyeza. Ndalemba, zikhale pamenepo.

Masana. Bwana alengeza. Mawa m'mawa lole itenge matanki a madzi, obiriwira aja, ku fakitale ya ku Msasa, ipite nawo ku Kuwadzana kudzera pa Wometa. Iwo eni akaima pamlathopo kuti aliyense aone kuti kulibe mzukwa. Lole ikangotulukira mbali inayo, makiyi anga andipatsa pomwepo, pamaso pa anthu. Awatulutsa m'thumba, awagwedeza. Akadali ndi kachikopa kanga kaja ndinasokerera ndekha. Mtima wanga wadumpha ngati wa mwana.

Ndani ayendetse? Gumbo akuti mwendo. Wina akuti maliro. Wina akuti mpingo wake sulola Loweruka, chonsecho Loweruka lapitali anali ku bhawa. Eneresi waimika dzanja.

Wandipeza ku paipi. Wayeza kale katunduyo pa pepala la fakitale: 4.1.

"Sekuru, ndiuzeni chokwadi. Ini ndikhulupirire chiyani manje, chikwangwani kapena nsungwi yanu? Ana anga amadya pa makiyi amenewa."

Ndawerengera chamumtima. Pakati pa 4.1 ndi 4.2 pali zala zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi. Dzulo mlatho unali utadya zitatu. Zatsala ziwiri. Ngati lero wapuma, adutsa. Ngakhale mizukwa iyenera kumapuma.

"Chikwangwani, mwanawe," ndatero.

"Maita basa, Sekuru." Wathokoza, wapita. Madzi a paipi amathira m'jombo langa, sindinamve.

Madzulo. Mulu kulibe. Kulibiretu! Patsala bwalo lonyowa, losesedwa bwino ndi tsache. Mzukwa wosesa! Sitepe ya Lute yapita limodzi. Ndakhala pa chitini kuseriko, ndipo misozi yatuluka, sindibisa. Chinthu chimodzi chokha cha mwanayo chimene ndinali nacho.

Amake Joyi akuimba nyimbo ya kwaya m'khitchini, msana akuti wapola. Agula nyama. Ine chakudya chakana kutsika. Ndikudziwa kuti ndiyenera kumuimbira Eneresi. Foni ndaigwira, ndaiika. Ndaigwiranso. Makiyi aja akulira m'makutu mwanga.

LOWERUKA

Naini koloko, pamlatho. Anthu ngati pa msonkhano wa chipani. Madalaivala athu onse, ngakhale wa mwendo ndi wa maliro, aima patali, zipewa m'manja. Mneneri wa gauni loyera wabwera ndi botolo la madzi, palibe wamuitana. Amayi a tomato ali pa mabenchi awo, amake Joyi pakati, akukupiza moto wa chimanga. Bwana aima pa mwala kuteteza nsapato. Kamvula kakuwaza. Nsungwi ndaisiya kunyumba dala.

Lole yafika. Eneresi waima patali monga ndinaphunzitsira. Watsika, wakwera pamwamba ndi tepi, wayeza. Wawerenga chikwangwani mokweza. Walemba m'kope. Zonse za Lolemba, mwandondomeko, osadumpha chimodzi. Ndikanakhala munthu, apa ndi pamene ndikanakweza dzanja. Dzanja linali m'thumba.

Walowa pang'onopang'ono. Mutu wa lole wadutsa. Thanki yoyamba.

Gwiiiii!

Phokoso limenelo ndimalidziwa, limandidzutsa kutulo. Thanki ya pamwamba yaphwatalala, malamba aduka, matanki awiri agwera kumbuyo n'kuyamba kugubuduka kutsetsereka ndi msewu, ana akuwathamangira. Lole yakanirira, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Palibe wavulala, Mulungu alemekezeke. Eneresi watsika, kope lili m'manja, akuyang'ana chikwangwani, akuyang'ana kope. Ine sanandiyang'ane, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Taphwetsa matayala. Sizinakwane. Bwana alamula kuti tikumbe pansi pa matayala, abwereka mafosholo kwa owotcherera mageti. Fosholo yoyamba: njerwa. Yachiwiri: njerwa. Pansi pa matope ndi timadzi tija palibe phula, pali njerwa zoswekasweka zokhazokha, zopondedwa ndi magalimoto mpaka kulimba ngati msewu. Ndatola chidutswa chimodzi. Pulasitala wake ndi wabuluu. Buluu wa malole athu, penti yotsala imene ndinapempha ku depoti n'kupaka m'kachipinda kanga.

Tayala limodzi. Wilibala!

Ndacheuka. Amake Joyi asiya kukupiza. Kuseri kwa benchi lawo kuli wilibala yathu, yagona chafufumimba. Amayi onse asanu ndi mmodzi akuyang'ana tomato wawo ngati amuona koyamba.

Ndisanatsegule pakamwa, Gumbo, amene wakakamizidwa kukumba, watembenuza chisimenti chachikulu. Mvula yatsuka matope. Pakati pake dzanja la mwana, zala zisanu, laling'ono, lozama bwino.

"Maiweee! Ruoko! Dzanja!"

Fosholo uko, Gumbo uko, mwendo wodwala uja ukutsogolera. Anthu abalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Mneneri wathawa n'kusiya botolo. Bwana atsika pa mwala osadziwa, alowa m'matope ndi nsapato zoyera, pakamwa pali yasa. Ine ndangoima. Dzanja la Lute, chala chaching'ono chopindika pang'ono, monga anachikokera tsiku lija akuseka.

Lole yatuluka cha m'ma leveni. Bwana mtima utakhala pansi, mkwiyo wabwera. Ayenera kupeza wolakwa wokhala ndi dzina ndi nambala ya ntchito. Atambasulira Eneresi dzanja: "Makiyi."

"Ndinayeza, shefu," watero. Akanatha kunditchula, koma sanatero. Wayamba kuchotsa makiyi pa lamba.

Ndiye ndatulutsa kope lino. Ndawatsegulira bwana pa Lachinayi, pa zala zitatu, ndi pa Lachisanu, pa mawu anga aja. Ndati mwanayu anandifunsa, ine ndinamunamiza ndikudziwa, chifukwa ndinkafuna makiyi. Ndatinso amene anandiuza kuti ndibweze mawu alipo, koma pakamwa panali panga. Bwana awerenga, makutu awo afiira. Masamba ena ndinawaphimba ndi chala, a mchere aja.

Amubwezera Eneresi makiyi ake. Anga awaponya m'thumba. "Paipi, mudhara. Mpaka penshoni."

Za njerwa sanafunse kuti zinachoka kuti. Palibe wafunsa. Aliyense akudziwa kale kuti mzukwa ndiwo ukumanga kuchokera pansi.

LAMULUNGU

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Akulu anzanga akundipatsa moni ndi manja awiri, ena akundilambalala. Mbiri yafika kale kuti ndine ndinaneneratu.

Masana, pakhonde. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi mawu akuti mlatho atchulidwa m'nyumba muno. Ndinayamba ndine. Amake Joyi akuti galimoto iliyonse ikadutsa m'chithaphwi chija inkawathira matope pa tomato, pa chimanga, ngakhale kumaso, ndiye amayiwo anagwirizana zokwirira dzenjelo. Ankatuta masana ine ndili ku depoti, nsapato atavula kuopa matope. Lachisanu anabwereka ngolo yokankha kuti amalize.

"Nanga simunandiuze bwanji?"

"Ndinakuuzani Lolemba, mukumanga tayi. Munati chitani mmene mwaonera. Inu bwanji simunafunse?"

Safunsa anadya phula. Ndinayeza mlatho masiku anayi, ndinayeza nsungwi, ndinawaza mchere, koma mkazi wogona naye chipinda chimodzi sindinamufunse. Za sitepe akuti sanaione, inanyamulidwa ndi anzawo itatembenuzika. Alira. Ndawauza kuti asalire, tikaitenga.

Folo koloko tapita awiri, ndi wilibala ndi nsungwi. Sitepe sitinaitenge. Anthu aiimika pa chipilala cha mlatho, pansalu yoyera. Pali makandulo, fodya, maswiti, ndi kansapato ka mwana. Makombi akudutsa mwaulemu, hutala katatu, kondakitala ali chete. Tili pomwepo kwabwera lole yaikulu ya kampani ina. Dalaivala waona dzanja, waima, wabwerera chambuyo mpaka pa mphambano. Ina yachitanso chimodzimodzi. Pa foni pali uthenga wa bwana kwa madalaivala onse: kuyambira mawa lole ya depoti yathu isadzadutsenso pa Wometa.

Ndikanena kuti dzanjalo ndi la mdzukulu wanga, malole abwerera, ndipo amayi asanu ndi mmodzi afunsidwa amene anawalola kukweza msewu. Tayang'anana ndi amake Joyi. Wilibala yabwerera yopanda kanthu. Ine ndinaphunzitsa masiku asanu ndi choko, palibe anamva. Lute waphunzitsa tsiku limodzi ali ku Joni, Harare yense wamva. Ndamusowa mwanayo.

Eneresi watumiza uthenga: "Sekuru, mawa mundiyezere katundu ndisananyamuke." Ndawerenga kanayi. Sindikuyenera, koma tepi ndiitenga.

Tisanachoke ndati ndiyeze komaliza, popeza njerwa zonse anazikumba dzulo mpaka phula kuonekera. Ndaimika nsungwi pamalo a Lolemba penipeni. Ndaikweza.

Zala ziwiri.

Lolemba zinali zinayi. Mwina ndi matope otsalira. Mwina. Sindinayezenso, ndipo amake Joyi sindinawauze. Ndavula chipewa. Ndavulira Lute, osati mlatho. Chabwino, ndi mlatho womwe pang'ono.

Nsungwi ndawapatsa amake Joyi, akuti chingwe choyanikira zovala chimagwa pakati. Tayi ndaipinda, ndaibwezera m'sutikesi. Mawa ndilawirire ku paipi. Malole asanu ndi atatu akundidikira, a matope mpaka m'magalasi chifukwa cha njira yaitali ija, koma onse ali ndi madenga awo.